Abusa Andrew Murray: Mtima Wosakhutira

Ambiri a ife tinaonapo dzina la Andrew Murray pa mabuku a mapemphero. Tikaona cithunzi cao ca nkhope yofatsa ija, timaganiza kuti munthuyu sanavutikepo mumtima. Sizinali conco ai.

Anabadwa pa 9 May 1828 ku Graaff-Reinet, m'dziko la South Africa. Atate ao anali mbusa wocokera ku Scotland, amene Lacisanu lililonse madzulo ankadzitsekera m'cipinda kupempherera citsitsimutso. Ali ndi zaka 10, Andrew anatumizidwa kusukulu ku Aberdeen pamodzi ndi mkulu wake John, ndipo pambuyo pake anakaphunzira zaubusa ku Utrecht. Kumeneko, mu 1845, analembera makolo ake kuti wabadwa mwatsopano.

Mu 1849 anakhala mbusa woyamba wa mpingo wa Bloemfontein. Dera lao linali lalikulu kwambiri, ndipo ankayenda masabata ambiri pa ngolo ya ng'ombe kukalalikira ndi kubatiza. Dera lomweli ndilo linadzachedwa Orange Free State, kumene mpingo wake unatumiza amishoni amene anafika ku Magwero mu 1899.

Anthu ankawatamanda cifukwa ca cangu cao. Koma pa msonkhano wa ku Keswick ku England mu 1895, ali okalamba, anaulula kuti pa zaka khumi zoyambirira za moyo wao wacikristu mtima wao unkayaka ndi kusakhutira. Sanakaike kuti macimo ao anakhululukidwa. Cimene cinkawasautsa n'cakuti ankalalikira za mphamvu ya Kristu, koma m'kati mwao sankaiona ikugonjetsa chimo monga Mau amalonjezera. Amai, kodi kuusa moyo kotere si kumene ena a ife timabwerera nako kunyumba titavala yunifomu, titaimba ndi kucezera odwala tsiku lonse?

Mu 1860 anasamukira ku Worcester. Tsiku lina pa mapemphero a acinyamata, mtsikana wa zaka ngati 15 anapempha kuti apemphere. Ali m'kati mopemphera, anthu onse anayamba kupfuula kwa Mulungu nthawi imodzi. Abusa Murray ataitanidwa, anayenda pakati pao kuwauza kuti akhale cete pakuti Mulungu ndi wadongosolo. Palibe anawamvera, ndipo anaturuka. Taonani zimenezo: cinthu cimene atate ao anacipempherera zaka zonsezo cinafika, koma mwana wao, amene anali ndi ludzu lomwelo, anayesa kucitontholetsa. Masiku otsatira mlendo wina anawacenjeza kuti asamale, pakuti imeneyo inali nchito ya Mzimu Woyera. Anamvera.

Ngakhale citsitsimutso sicinathetse ludzu lao. Mu 1864 anaturutsa buku la m'Cidachi lonena za kukhala mwa Yesu monga nthambi mu mpesa, limene pambuyo pake linaturuka m'Cingelezi ndi dzina lakuti Abide in Christ. Ku Keswick kuja ananena poyera kuti polemba bukuli anali asanalawe zonse zimene analembamo, ndipo ngakhale pa nthawi yolankhulayo anali asanafike pa cimake. Ine ndimawakhulupirira kwambiri cifukwa ca mau amenewa kuposa cifukwa ca mabuku ao onse, amene ndi oposa 200.

Ali ku Wellington, kumene anayambitsa Huguenot Seminary ya atsikana mu 1874, anadwala pakhosi kufikira mau anatha. Kwa zaka pafupifupi ziwiri mlaliki wochukayu sanathe kulalikira, mpaka anacira ku Bethshan, nyumba ya mapemphero ku London, mu 1882. Amene ankawadziwa anati anaturuka m'matendawa ali ofatsa kuposa kale. Ukali wa paubwana unasanduka cifundo. Kuyambira pamenepo anaphunzitsa kwambiri za kudikira Mulungu tsiku ndi tsiku, ndi kuleka kudzikakamiza kukhala woyera ndi mphamvu zako.

Mai Emma Murray, amene anakwatirana nao mu 1856, anamwalira mu 1905. Abusa anapuma paubusa caka cotsatira, koma anapitirizabe kulemba. Anamwalira ku Wellington pa 18 January 1917, ali ndi zaka 88.