Monica Woyera, mai amene sanali kunyamula mau oipa

Pa 27 Ogasiti caka ciliconse Eklezia amakumbukira Monica Woyera. Kuno kum'mawa dzina limeneli timalidziwa bwino cifukwa ca sukulu ya atsikana ya St Monica's ku Chipata, ndipo ambiri timadziwa kuti anali mai wace wa Augustine Woyera, amene anamlirira zaka zambiri. Koma za luso lace loyanjanitsa anthu okangana sitikambako kawirikawiri.

Monica anali wa mu Africa muno. Anabadwa ca m'ma 331 ku Thagaste, tauni imene lero ichedwa Souk Ahras m'dziko la Algeria. Anakwatiwa ali wamng'ono kwa Patricius, mmodzi wa makhansala a tauniyo, munthu wosabatizidwa, wa mtima wapacala, ndiponso wosakhulupirika m'banja. Zambiri mwa izi tizidziwa cifukwa Augustine anazilemba m'buku lace la Confessions.

Mwamunayo akapsa mtima, Monica sanali kuyankha. Anali kudikira mpaka mkwiyo utazirala, ndipo pamenepo anali kumfotokozera bwinobwino cifukwa cimene anacitira zimene zamkwiyitsazo. Onani kuti nkhani sanali kuikwirira ai, anali kungoisankhira nthawi. Ife alimi tidziwa kuti lupsa sayatsa masana mphepo ikuomba. Patricius sanam'menyepo, ndipo anabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira ca m'ma 371.

Apa tiyenera kucenjera. Anzace ambiri a Monica anali kuyenda ndi zipsera kumaso, ndipo iye anali kuwalangiza kuti agwire lilime ndi kugonja. Imeneyo inali nthawi yace. Ife sitingauze mai amene amenyedwa kuti colakwa ndi pakamwa pace. Kumenya mkazi ndi chimo, ndiponso ndi mlandu m'Zambia muno, kumene kuyambira 2011 kuli lamulo lapadera loteteza anthu ku nkhanza za m'banja.

Bvuto lina linali apongozi ace. Anchito a pakhomopo anali kunong'oneza nakubala wa Patricius mabodza okhudza mkazi watsopanoyo, mpaka mai wokalambayo anadana naye. Monica sanawatsate anchitowo kuti alimbane nao. Anapitiriza kulemekeza apongozi ace ndi kuwatumikira mofatsa, kufikira iwo eni anazindikira kumene utsi unali kufukira, nakaulula kwa mwana wao. Anchitowo anakwapulidwa, monga unali mwambo wankhanza wa masiku aja, koma azimai awiriwo anakhala mwamtendere kuyambira pamenepo.

Cimene citikhudza kwambiri ndi ici. Azimai awiri akadana, aliyense anali kubwera kwa Monica payekha kudzakhuthula za kukhosi, nanena za mnzace mau oti sangabwerezedwe. Monica anali kumvetsera zonse. Koma akakumana ndi winayo, anali kumuuza zokhazo zimene zingawabwezere pamodzi. Zowawa zija zinali kufera mwa iye.

Ciganizireni cimeneci pa mikangano yathu. Ng'ombe zikadya cimanga ca mnansi, kapena anthu akakangana pa malire a munda kapena pa ndalama za kopaletivu, mlandu weniweni umakhala waung'ono. Amene amaukulitsa ndi uja wopita uku ndi uku, wonyamula mau amene munthu analankhula ali wopsa mtima, nawathirako ndi mcere. Pofika kwa anyakwawa, nkhani ya ng'ombe yaiwalika, anthu akuzengana za mau. Ngakhale m'makomiti a parishi matenda amenewa alimo.

Monica anatsata mwana wace mpaka ku Milan, kumene Augustine anabatizidwa ndi Episkopi Ambrose pa Pasaka wa 387. Ali pa ulendo wobwerera kwao, anadwala malungo pa doko la Ostia. Kale anali atakonza manda ace pafupi ndi a mwamuna wace ku Thagaste, ndipo mwana wace wina, Navigius, anadandaula kuti mai wace afera kucilendo. Tidziwa mmene nkhani ya koika maliro imagawanitsira abale. Monica anaithetsa akali ndi mpweya: anauza ana ace kuti amuike paliponse osabvutika mtima, koma azimkumbukira pa guwa la Ambuye. Anamwalira pa tsiku lacisanu ndi cinai la matendawo ali ndi zaka 56, naikidwa konko ku Ostia. Mu 1430 mafupa ace anasamutsidwira ku Roma.