Mbiri ya Norman Rasmussen, Katswiri Wowerengera Chiopsezo cha Nyukiliya

M'chimangirizo chino ndikufuna kufotokoza mbiri ya Norman Carl Rasmussen wa ku America, yemwe adasintha momwe akatswiri amaunikira chitetezo cha malo opangira magetsi a nyukiliya. Ndamusankha chifukwa ntchito yake idanyozedwa, koma posakhalitsa anthu adazindikira kufunika kwake.

Rasmussen adabadwa pa 12 Novembala 1927 ku Harrisburg, m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo adakulira pa famu ya ng'ombe za mkaka. Adaphunzira pa Gettysburg College, kenaka pa yunivesite ya MIT, pomwe adapata digiri ya udokotala wa sayansi ya fizikisi m'chaka cha 1956. Adakhala mphunzitsi pa yunivesite yomweyo.

Masiku amenewo, okonza mapulani a ng'anjo za nyukiliya ankaganizira kwambiri ngozi imodzi yaikulu, monga kuphulika kwa paipi yaikulu ya madzi oziziritsa ng'anjo, n'kumanga zida zoitchinjirizira. Sankawerengera kuti ngoziyo ingachitike kangati. M'chaka cha 1972, bungwe la Atomic Energy Commission lidapempha Rasmussen kuti atsogolere kafukufuku woyankha funsoli. Iye ndi gulu lake adaunika ng'anjo ziwiri, ya ku Surry ndi ya ku Peach Bottom, ndipo lipoti lawo lotchedwa WASH-1400 lidatuluka mu Okutobala 1975.

Njira yomwe adagwiritsa ntchito imatchedwa Probabilistic Risk Assessment. Wofufuza amayamba ndi vuto limodzi, mwachitsanzo kudontha kwa paipi, n'kumafunsa mafunso motsatana. Kodi magetsi alipo? Kodi pampu yothira madzi pangozi yalira? Yankho lililonse limabala nthambi ziwiri, mpaka chithunzi chonse chimafanana ndi mtengo. Pa nthambi iliyonse amalembapo mpata woti chidacho chikanike, kenaka amachulukitsa manambalawo. Ngati pampu imakanika kamodzi pa maulendo 100, ndipo inzake n'chimodzimodzi, zonse ziwiri zingakanike pamodzi kamodzi pa maulendo 10,000. Koma masamuwa amasokonekera ngati chinthu chimodzi, monga moto, chawononga mapampu onse nthawi imodzi.

Lipotilo lidapeza kuti mtima wa ng'anjo imodzi ungasungunuke pafupifupi kamodzi pa zaka 20,000 zogwira ntchito. Chachikulu chomwe ndikuona m'lipotilo n'chakuti lidasonyeza kuti chiopsezo chambiri chimachokera ku zinthu zooneka zazing'ono: kudontha pang'ono kwa madzi, kukanika kwa valavu ndi kulakwitsa kwa ogwira ntchito.

Otsutsa sadachedwe. Ambiri adakwiya chifukwa chidule cha lipotilo chidayerekeza chiopsezo cha nyukiliya ndi mpata woti mwala wochokera kuthambo ugwere anthu. M'chaka cha 1978, komiti ya Harold Lewis idayamikira njirayo, koma idapeza kuti manambalawo sadali odalirika monga lipoti lidanenera. Mu Januwale 1979, bungwe la Nuclear Regulatory Commission lidaleka kuvomereza chidulecho.

Patangopita miyezi iwiri, pa 28 Malichi 1979, ku Three Mile Island kudachitika ngozi. Valavu idakanika kutsekeka, madzi adataika, ogwira ntchito adasokonezeka n'kuchepetsa madzi oziziritsa, ndipo pafupifupi theka la mtima wa ng'anjo lidasungunuka. Uwu udali mtundu wa ngozi womwe Rasmussen adachenjeza. Kuchokera apo njira yake idayamba kulemekezedwa, ndipo m'chaka cha 1985 adalandira mphoto ya Enrico Fermi.

Rasmussen adamwalira pa 18 Julaye 2003. Ine ndikuona kuti otsutsa ake ankanena zoona pa manambala, ndipo iye ankanena zoona pa njira. Wophunzira lusoli ayenera kutenga zonse ziwiri: kuwerengera chiopsezo mosamala, komanso kunena poyera kuti nambala yake ingaphonye ndi mlingo wotani, pakuti miyoyo ya anthu okhala pafupi ndi ng'anjo imadalira kuona mtima kotero.