MOYO WA A LOTTIE MWALE, GUNDUZANI WA KU ZAMBIA

Alimi a fodya a m'zidikha za Kasungu amadziwa bwino kuti mbande yokongola pa nazale siidafike pokolola. Ikazulidwa ndi kuwokeredwa kumunda imakumana ndi dzuwa loswa mtengo, ndipo ina imagwira, ina imauma. Momwemonso ndi masewera a nkhonya: mnyamata amayamba kumenyera ulemu wa dziko lake popanda malipiro, ndipo pambuyo pake amalowa m'nkhonya zandalama, kumene ambiri amafota. Lero tifuna kukumbutsa awerengi athu za munthu wina amene adayenda njira zonse ziwirizi, ndiye a Lottie Mwale, amene mfunda wao ndi wodziwika kwathu kuno monga kutsidya kwa malire.

A Mwale adabadwa m'chaka cha 1952 ku Kitwe, dziko lija likutchedwabe Northern Rhodesia. Adakula msinkhu pamodzi ndi ufulu wa Zambia, ndipo mbiri yao idamveka m'chaka cha 1974, pamene adapambana mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, pa gulu la olemera makilogalamu 71. Anthu a kwao adawapatsa dzina lakuti Gunduzani, chifukwa nkhonya yao ikafika, mdani ankagwedezeka ngati mtengo wa masuku.

Chaka chomwecho, mu mzinda wa Havana, mudachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse wa nkhonya zopanda malipiro, ndipo pa gulu lomwelo la makilogalamu 71 adapambana ndi Rolando Garbey wa ku Cuba. Anthu awiriwa adali akatswiri a sikelo imodzi, koma njira zao zidasiyana kutali. Boma la Fidel Castro lidali litaletsa nkhonya zandalama kuyambira 1962, choncho Garbey adakhala pa nazale moyo wake wonse, monganso Teófilo Stevenson, amene adatenga golide wa Olimpiki katatu, mu 1972, 1976 ndi 1980, nakana chuma chambiri chimene adamlonjeza kuti amenyane ndi Muhammad Ali. Kwa a Mwale khomo la Olimpiki lidatsekeka mwa njira ina: mu 1976 Zambia, pamodzi ndi maiko ambiri a mu Afrika, idanyanyala masewera a ku Montreal potsutsa tsankho la ku South Africa. Chaka chotsatira, 1977, iwo adalowa m'nkhonya zandalama.

Kusiyana kwa ntchito ziwirizi nkwakukulu. Wopanda malipiro ankamenya zigawo zitatu zokha za mphindi zitatu, ndipo wochenjera mapazi, wogunda msanga ndi kuthawa, ndiye ankapambana. Koma womenyera lamba wa dziko lonse masiku amenewo ankayenera kupirira zigawo 15, kusunga mpweya, kufoola mnzake m'nthiti, ndi kusangalatsanso anthu amene adalipira pakhomo. Anyamata a ku Cuba amene adathawa kwao pambuyo pake adaphunzira zimenezi movutikira. Joel Casamayor, mwini golide wa 1992, adathawa mu 1996 nasanduka ngwazi ya dziko lonse. Guillermo Rigondeaux, mwini golide wa 2000 ndi 2004, adayamba zandalama mu 2009 natenganso malamba, koma oonerera ambiri adadandaula kuti ankazemba kwambiri ngati akali pa Olimpiki. Cuba idalolanso nkhonya zandalama mu 2022.

A Mwale sadavutike kuzolowera, popeza dzanja lao lidali lolemera chibadwire. Mu 1978 adapita ku Leicester, ku Mangalande, nagwetsa Tony Sibson m'chigawo choyamba pamaso pa abale ake, ndipo uku kudali kugonja koyamba kwa Sibson. Mu 1979, ku Lusaka, adagonjetsa Gary Summerhays wa ku Canada natenga lamba wa Commonwealth wa gulu la olemera mapaundi 175. Tsono anthu a ku Zambia adayamba kulota za lamba wa dziko lonse.

Tsiku lija lidafika pa 28 November 1980, ku San Diego, ku Amerika. A Mwale adalowa m'bwalo asadagonjepo chiyambire, kukakumana ndi Matthew Saad Muhammad, mwini lamba wa WBC, munthu wodziwika ndi kupirira zowawa mpaka mdani atatopa. Gunduzani adayamba bwino, koma m'chigawo chachinai nkhonya yamanzere idawapeza, ndipo adagwa osadzukanso nthawi isadathe. Mwai wotere sudabwerenso. Mu 1982 adagonja kwa Eddie Mustafa Muhammad, ndipo mu 1985 Leslie Stewart wa ku Trinidad adawalanda lamba wa Commonwealth, umene adausunga zaka zisanu ndi chimodzi.

Apa mpamene pali chisoni cha nkhani yathu. Mlimi amadziwa tsiku lothyola fodya, kuti akachedwa tsamba limapsera m'munda. Koma wankhonya wodyera manja ake kawirikawiri sadziwa tsiku lolekera. A Mwale adapitirizabe, ndipo mu 1992, ali pafupi ndi zaka 40, adapitanso ku Amerika kukamenyana ndi Virgil Hill, wocheperapo ndi zaka zoposa khumi, nagonja. Pa mapeto a moyo wao adadwala nthenda yonjenjemeretsa thupi ya Parkinson, yomwe idagwiranso Muhammad Ali, ndipo adamwalira ku Lusaka pa 18 October 2005, ali ndi zaka 53.

Stevenson adasunga ulemu wake koma sadaloledwe kuyesa mphamvu zake kumunda waukulu. A Mwale adali ndi ufulu woyesa, ndipo adalipira ndi thupi lao. Makolo ndi aphunzitsi amene muli ndi anyamata okonda nkhonya, muwalole aphunzire luso lao bwino pa nazale, koma muwapatsenso sukulu ndi ntchito yamanja, kuti tsiku limene manja adzatope asadzasowe pogwira.