Mbusa John Chilembwe

Pali chithunzi china chakale chimene chidajambulidwa m'chaka cha 1914. Pachithunzipo pali Mbusa John Chilembwe ndi mmishonale wachizungu, John Chorley. Mukachiyang'anitsitsa mudzaona kuti a Chilembwe avala chipewa. Masiku amenewo, pamene dziko lathu linkatchedwa Nyasaland, munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa Mzungu. Tsono kuvala chipewa chotere sadali masewera ayi.

A Chilembwe adabadwira m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1871. M'chaka cha 1892 adayamba ntchito kwa mmishonale wina, Joseph Booth, amene adapita nawo ku America mu 1897. Kumeneko adaphunzira zaubusa mumzinda wa Lynchburg. Atabwerera kwawo mu 1900, adatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Adamanga sukulu zingapo ndiponso tchalitchi chachikulu cha njerwa, naphunzitsa anthu kuwerenga, kulima ndi kudzilemekeza. Mayi Ida, akazi awo, ankaphunzitsa amayi kusoka.

Koma kufupi ndi mishoniyo kudali minda ya A. L. Bruce ya ku Magomero, kumene anthu ankagwira thangata. Thangata idali ntchito yolipirira malo amene munthu akukhalapo, chonsecho malowo adali m'dziko lake lomwe. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, adali wankhanza, ndipo ankatentha matchalitchi amene anthu a Chilembwe ankamanga kumeneko. Nkhondo yaikulu itabuka mu 1914, anthu akuda adafa ku Karonga pomenyana ndi Majeremani. A Chilembwe adalemba kalata kunyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni. Boma silidamve.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu awo adaukira. Adapha Livingstone ndi Azungu ena awiri, koma akazi ndi ana sadawapweteke. Ena adapita ku Mandala, ku Blantyre, kukalanda mfuti, koma adapezako zochepa chabe. Pa 3 Febuluwale a Chilembwe adawomberedwa akuthawira cha ku Mulanje, ndipo asilikali adaphwasula tchalitchi chija. Mishoniyo idatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu.

Chithunzi chija sichidatayike. Mu 2022 Mmalawi wina waluso, Samson Kambalu, adaimika chiboliboli chotengera chithunzicho pabwalo la Trafalgar Square ku London. A Chilembwe adawapanga aatali kuposa Chorley, chipewa chili kumutu.