Gichin Funakoshi, Mphunzitsi wa Dzanja Lopanda Cida

Gichin Funakoshi anabadwa m'caka ca 1868 ku Shuri, pa cisumbu ca Okinawa, kumwera kwa dziko la Japan. Pa ubwana wace anali wodwaladwala. Koma akuru awiri, Anko Asato ndi Anko Itosu, anamphunzitsa karate, ndiko kudziteteza ndi manja ndi miyendo popanda nthungo kapena cibonga. Anaphunzira usiku, nabwereza mayendedwe amodzimodzi miyezi yambiri, kufikira thupi lace linalimba. Atakula anaphunzitsa ana pa sukulu zaka ngati 30.

M'caka ca 1922 anaoloka nyanja kunka ku Tokyo kukaonetsa luso limeneli, nakhala komweko. Poyamba anasauka ndithu: anagona m'nyumba ya ophunzira akwao, nasesa zipinda ndi kusamala munda kuti apeze cakudya. Pang'ono pang'ono anyamata a m'masukulu akuru anadza kwa iye, ndipo pambuyo pace anammangira nyumba yophunziriramo yochedwa Shotokan. M'caka ca 1945 mabomba a nkhondo anaiononga nyumbayo, ndipo mwana wace Gigo anamwalira ndi cifuwa cacikuru. Koma mkuruyo sanaleka kuphunzitsa.

Anaumirira kuti wodziwa karate asayambe ndiye kumenya mnzace, pakuti luso limeneli liri la kuongola makhalidwe, si la kupambana pa ndeu ai. Anamwalira pa 26 April 1957, ali ndi zaka 88, ndipo ophunzira ace anafalitsa karate m'maiko ambiri. Anyamata onyadira zibakera zao pa bwalo la mowa akumbukire munthu uyu, amene anali nayo mphamvu, naiweta.