William Tyndale: Anafera Kumasulira Mawu

Mwezi uno ndikufuna tikumbukire William Tyndale, munthu amene anagwira ntchito ya Mulungu ali mlendo m'dziko la eni monga ifeyo.

Anabadwa cha m'ma 1494 ku Gloucestershire, ku England, naphunzira ku Oxford. Masiku amenewo Baibulo linkawerengedwa m'Chilatini, ndipo kulimasulira m'Chingerezi popanda chilolezo cha bishopu unali mlandu. Mu 1523 Tyndale anakapempha thandizo kwa Bishopu wa London, Cuthbert Tunstall, koma anamubweza chimanjamanja. Mu 1524 anawolokera ku Germany, ndipo kwawo sanapondekonso.

Chipangano Chatsopano chimene anamasulira kuchokera ku Chigiriki chinasindikizidwa ku Worms mu 1526. Mabukuwo ankalowa mu England mozemba, atabisidwa m'katundu wa amalonda. Amene anagwidwa anatenthedwa ku London.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti mkangano waukulu unagona pa mawu owerengeka. Liwu la Chigiriki loti ekklesia iye analimasulira kuti congregation, kutanthauza anthu osonkhana, m'malo mwa church. Kwa ife n'zosavuta kumva, poti timasiyanitsa mpingo ndi tchalitchi. Presbuteros anati ndi elder, mkulu, osati priest, wansembe. Pamene Chilatini chinkamveka ngati munthu achite ntchito zolipira machimo, iye analemba repent, kutembenuka mtima. Thomas More anamutsutsa kwambiri pa mawu amenewa, chifukwa ankaona kuti akugwedeza ulamuliro wa atsogoleri a chipembedzo.

Tyndale anaphunziranso Chihebri, ndipo mu 1530 anatulutsa mabuku asanu a Mose. Liwu loti Passover, limene ife timati Paskha, analipanga ndi iyeyo.

Mu 1535 ku Antwerp, Henry Phillips, amene ankadya naye ngati bwenzi, anamupereka. Anakhala m'ndende ku Vilvoorde kupitirira chaka, ndipo mu October 1536 anamupotola khosi natentha mtembo wake. Komabe omasulira Baibulo la King James la mu 1611 anatenga mawu ake ochuluka zedi.

Ndikupempha kuti m'mapemphero athu tikumbukire omasulira Baibulo m'zilankhulo zimene zilibe Malemba, komanso ana athu obadwira kuno, kuti Mawu awafike pamtima m'chilankhulo chimene amamva. Ambuye akudalitseni nonse.