Christiaan Huygens ndi Mipira Iwiri m'Bwato

Christiaan Huygens anabadwira ku The Hague, m'dziko la Holland, pa 14 April 1629. Atate wace anali bwenzi la René Descartes, wanzeru amene anthu a ku Ulaya anamlemekeza kopambana.

M'caka ca 1644 Descartes anasindikiza malamulo 7 onena za zinthu zolimba zikagundana. Limodzi la iwo linaphunzitsa kuti kanthu kakang'ono sikangathe kusuntha cinthu cacikulu cimene ciri cikhalire, cinkana kathamange cotani. Aphunzitsi anzanga, gundanitsani makobiri awiri osiyana pa tebulo, ndipo ngakhale mwana wamng'ono wa ku Kanyama adzaona kuti lalikulu lisuntha. Koma dzina la Descartes linatseka anthu pakamwa.

Huygens anazindikira colakwaco m'caka ca 1652, ali ndi zaka 23. Njira yace ndiyo indikondweretsa koposa. Anaganizira munthu ali m'bwato, nagundanitsa mipira iwiri yolimba, yolemera mofanana ndi yothamanga mofanana. Uliwonse ubwerera ndi liwiro lomwe unadza nalo. Tsono bwatolo liyende ndi liwiro lomwelo. Mnzace woimirira pa gombe aona zina: mpira umodzi uli cikhalire, wina udza ndi liwiro lowirikiza. Itagundana, wothamanga uja uima, ndipo woima uja ucoka ndi liwiro lonse. Kugundana ndi kumodzi, koma openya ndi awiri. Posintha liwiro la bwato m'maganizo mwace, anaturutsa malamulo ena, ndi a mipira yosalingana yomwe.

Mphunzitsi wace wa ku Leiden, Frans van Schooten, sanakondwere kuti mnyamata atsutse Descartes. Huygens anatsiriza kulemba m'caka ca 1656, nasunga mapepalawo. Mwina anacita ulemu wopitirira. Masiku omwewo anaona Titan, mwezi wa Saturn, napanganso koloko yoyenda ndi colendewera.

Pamene Royal Society ya ku London inafunsa za nkhaniyi m'caka ca 1668, John Wallis ndi Christopher Wren anamtsogolera posindikiza, ndipo malamulo ace anaoneka mwacidule m'caka ca 1669. Anamwalira pa 8 July 1695, wosakwatira. Buku lonse la bwato lija linaturuka m'caka ca 1703, mwini wace atagona m'manda zaka 8.